Apozi Woyenera Dera Lake, Njinga Yoyenera Msewu Wake

Maapozi ambiri amene amagulitsidwa m'masitolo ndi m'misika ya mumzinda wa Gaborone ku Botswana amakhala atayenda mtunda woposa makilomita 1,000 kuchokera kuminda ya ku Elgin, Ceres ndi Langkloof m'dziko la South Africa. N'chimodzimodzinso ndi maapozi ambiri opezeka ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku Tete. Pachifukwa ichi, mabanja amene ali ndi kamalo kuseri kwa nyumba amafunsa alangizi ngati mtengo umenewu sungabereke kwathu kuno. Yankho ndi lakuti ungabereke ndithu, koma si mtundu uliwonse umene ungatero. Mlimi amene walakwitsa posankha mbande amathirira mtengo zaka zinayi kapena zisanu, kenaka n'kuzindikira kuti wakhala akusamala mthunzi chabe.

Nkhani ya mbande imayenda limodzi ndi nkhani ya mayendedwe. Nazale zodalirika n'zochepa ndipo zili kutali ndi midzi, pamene chipatso cha apozi sichichedwa kufwifwa chikagunyuzidwa panjira. Izi zachititsa amisiri ena akumidzi kuyesa kudzipangira okha njinga zamoto kuchokera ku zitsulo zakale ndi injini za makina opopera madzi. Mlangizi amene wafunsidwa nzeru pa zinthu ziwirizi ayenera kukhala ndi mfundo zogwirika, pakuti kulakwitsa pa chinthu choyamba kumatayitsa zaka, ndipo kulakwitsa pa chachiwiri kungatayitse moyo.

Chifukwa choyambira ku Gaborone

Pamene mayiko a kumwera kwa Africa adakhazikitsa bungwe la SADCC mumzinda wa Lusaka m'chaka cha 1980, dziko la Botswana lidapatsidwa udindo wotsogolera ntchito za kafukufuku wa ulimi. Mu 1984 kudakhazikitsidwa likulu la SACCAR ku Gaborone kuti akatswiri a mayikowa azigawana zimene apeza. Ntchito yotereyi masiku ano ili m'manja mwa bungwe la CCARDESA, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2011 mumzinda womwewo. Kumpoto kwa mzindawu, ku Sebele, kuli malo ochitirako kafukufuku wa ulimi pamodzi ndi sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya BUAN.

Nyengo ya ku Gaborone imaphunzitsa zambiri munthu wofuna kumvetsa khalidwe la mtengo wa maapozi. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo umalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 500 pachaka. M'miyezi ya Juni ndi Julayi usiku kumazizira kwambiri, mwina mpaka kugwa chisanu chopsereza mbewu, koma dzuwa likakwera kutentha kumapitirira madigiri 20. M'chilimwe si zachilendo kuti kutentha kupose madigiri 35. Madzi nawonso ndi osowa: mu 2015 damu la Gaborone lidatsala pang'ono kuphwereratu. Mtundu wa maapozi umene wapirira zonsezi uli ndi mwayi waukulu m'madera ena ambiri a chigawo chino.

Mtengo wofuna tulo

Kwawo kwenikweni kwa apozi ndi kumapiri a pakati pa Asia, makamaka m'dera la Almaty ku Kazakhstan, kumene mpaka lero kukupezeka nkhalango za maapozi akutchire. Kumeneko nyengo yachisanu ndi yaitali ndiponso yoopsa. Kuti upulumuke, mtengowu umayoyola masamba ake n'kugona, ndipo maso ake saphukira mpaka atalandira kuzizira kokwanira. Khalidweli limauteteza kuti usanyengedwe ndi masiku ochepa ofunda a pakati pa chisanu.

Akatswiri amayeza kuzizira kumeneku powerenga maola amene mpweya wakhala pansi pa madigiri 7. Mitundu yodziwika m'masitolo monga Golden Delicious ndi Starking imafuna maola mazana ambiri, kuyambira cha m'ma 600 kupita m'mwamba, ndipo ilipo ina ya ku Ulaya yofuna maola oposa 1,000. Komabe kuwerenga maola a usiku okha kumasocheretsa. Kafukufuku amene adachitika ku Utah m'dziko la America, n'kufalitsidwa mu 1974, adaonetsa kuti kutentha kwa masana kukapitirira madigiri 16 kumayamba kufafaniza kuzizira kumene mtengo udasonkhanitsa usiku. Apa ndi pamene pagona vuto la Gaborone ndi madera ena ofanana nawo. Munthu amadzuka m'mawa zala zitachita dzanzi, n'kuganiza kuti dera lake ndi loyenera maapozi amtundu uliwonse, osadziwa kuti dzuwa la masana labweza zonse zimene usiku udapereka.

Mtengo umene sudagone mokwanira umadziwika ndi zizindikiro izi: nthambi zimakhala zopanda masamba kupatula kampukutu ka kunsonga, maluwa amatuluka pang'onopang'ono kwa masabata ambiri, pamtengo umodzi pamapezeka maluwa, tizipatso tanthete ndi zipatso zokhwima panthawi imodzi, ndipo khungwa la nthambi zopanda mthunzi limapsa ndi dzuwa. Alimi ambiri akaona izi amathamangira feteleza kapena mankhwala, koma vutoli silichoka ndi zimenezo chifukwa gwero lake ndi mtundu wa mtengowo.

Mitundu yofuna kuzizira kochepa

Mtundu umene wathandiza kwambiri mayiko ofunda ndi Anna. Udapangidwa ku Israel ndi Abba Stein wa ku Ein Shemer, pokwatitsa Golden Delicious ndi mtundu wina wakomweko, ndipo umafuna maola 200 mpaka 300 okha. Chipatso chake ndi chotalikirapo, chofiira mbali imodzi, chotsekemera mowawasira pang'ono. Umayamba kubereka msanga, kawirikawiri m'chaka chachiwiri kapena chachitatu. Chofooka chake n'chakuti chipatso sichisungika: pakapita masabata ochepa chimafewa n'kukhala ngati ufa m'kamwa. Choncho ndi mtundu woyenera kudya pakhomo ndi kugulitsa pamsika wapafupi.

Mnzake wa Anna ndi Dorsett Golden, amene adapezeka kuzilumba za Bahamas m'zaka za m'ma 1950. Chipatso chake ndi chachikasu, ndipo nawonso umafuna kuzizira kochepa zedi. Ubwino waukulu wa mitundu iwiriyi ndi wakuti imachita maluwa nthawi imodzi. Mitengo yambiri ya maapozi siibereka bwino ndi mungu wa mtundu wake womwe, ndipo imadalira njuchi kuti zibweretse mungu wa mtundu wina. Anna wobzalidwa yekha amabereka zipatso zochepa, zowonda ndiponso zopanda njere zokwanira. Banja limene lili ndi malo a mitengo iwiri yokha libzale umodzi wa Anna ndi umodzi wa Dorsett Golden. Pamunda wokulirapo, mtengo umodzi wa Dorsett Golden ungatumikire mitengo ingapo ya Anna yoyandikana nawo.

Ilipo mitundu inanso yoyenera kuyesedwa. Ein Shemer ndi wochokeranso ku Israel. Tropical Beauty adapezeka ku Natal m'dziko la South Africa, ndipo ndi wozolowera nyengo yofunda. Rome Beauty ndi Winter Banana akhala akulimidwa m'mapiri a mayiko otentha, makamaka kumene alimi amathandiza mtengo kudzuka ndi njira zimene zafotokozedwa m'munsimu. Granny Smith, wobiriwira uja, amene adachokera ku Australia m'chaka cha 1868, amafuna kuzizira kochulukirapo ndipo ndi woyenera malo okwera kwambiri monga Nyanga ku Zimbabwe.

Mlangizi akumbukire kuti kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse okwera. N'chifukwa chake malo monga Dedza, Tsangano, Neno ndi mapiri a ku Rumphi m'Malawi, Angonia m'chigawo cha Tete, ndi Lichinga ku Niassa ali ndi mwayi woposa wa kuchigwa cha Shire, cha Luangwa kapena cha Zambezi. Ku Gaborone kuli chenjezo lina lapadera. Popeza Anna ndi Dorsett Golden amadzuka msanga, maluwa awo angakumane ndi chisanu chomaliza cha chaka. Mpweya wozizira umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha m'malo otsika, choncho mtengo usabzalidwe m'chidikha kapena pafupi ndi khwawa.

Tsinde la pansi ndi theka la mtengo

Njere ya apozi wogula m'sitolo imamera, koma mtengo wake umatenga zaka zambiri usanabereke, ndipo chipatso chake sichifanana ndi cha mayi wake. Mbande yodalirika ndi yomezanitsa, yokhala ndi mbali ziwiri: kanthambi ka mtundu wofunikawo pamwamba, ndi tsinde la mizu pansi. Wogula afunse mayina a mbali zonse ziwiri. Safunsa adadya phula, ndipo wogulitsa amene angonena kuti “ndi apozi wofiira” sayenera kudaliridwa.

Matsinde ambiri ogwiritsidwa ntchito m'chigawo chino adachokera ku malo a kafukufuku a East Malling ndi Merton ku England. Tsinde la MM106 limapereka mtengo wa msinkhu wapakati wobereka msanga, koma limaola pakhosi ngati dothi lili lodikha madzi. La MM111 limakula kwambiri ndipo limapirira chilala ndi dothi lamchenga, zimene zikuliyenereza malo ouma. La M793 lagwiritsidwa ntchito zaka zambiri ku South Africa. Onse atatuwa amapirira nsabwe zoyera zaubweya zimene zimaononga mizu. Tsinde la M9 limapereka mtengo waufupi, koma mizu yake ndi yosazama, kotero limafuna mzati wochirikiza ndi madzi osadukiza. Pakhomo pamene madzi ndi otunga pamutu, tsinde lotereli silingathandize.

Kubzala ndi kusamala

Dzenje likhale la masentimita 60 m'litali, m'lifupi ndi kuya kwake, ndipo dothi lapamwamba lisakanizidwe ndi manyowa owola bwino. Mitengo italikirane mamita 3 kapena 4. Mfundo yomezanitsira ikhale masentimita 10 mpaka 15 pamwamba pa dothi. Ikakwiririka, kanthambi ka pamwamba kamatulutsa mizu yakeyake ndipo ubwino wa tsinde umatayika. Mphukira zonse zotuluka pansi pa mfundoyo zichotsedwe. Kuphimbira ndi udzu kumasunga chinyezi, koma udzuwo usakhudze thunthu chifukwa umaitana chiswe. Kumene madzi a m'zitsime zakuya ali amchere, monga m'madera ena a Botswana, ndi bwino kuwayezetsa kaye, pakuti apozi sapirira mchere.

Kumene kuzizira kuli kopereweza, alimi angathandize mtengo m'njira zitatu. Yoyamba ndi kuchepetsa kuthirira kumayambiriro kwa nyengo yozizira kuti mtengo uleke kukula. Yachiwiri ndi kupulula masamba onse ndi manja, kenaka n'kuyambanso kuthirira. Yachitatu ndi kuweramitsa nthambi ndi kuzimangirira kuti zigone chopingasa, popeza nthambi yogona imaphukira maso ambiri ndipo imachita maluwa kuposa yoloza kumwamba. Alimi a ku Batu pachilumba cha Java ku Indonesia amakolola kawiri pachaka populula masamba patapita masabata ochepa chikololereni. Minda ikuluikulu imapopera mankhwala a Dormex podzutsa mitengo, koma mankhwalawa ndi oopsa kwambiri kwa munthu ndipo sayenera kulangizidwa pakhomo pamene pali ana ndi ziweto.

Phava limodzi la maluwa limatha kugwira zipatso zisanu. Zikafika kukula ngati mutu wa chala chachikulu, zipatulidwe kuti patsale chimodzi kapena ziwiri. Ntchentche za zipatso, makamaka mtundu wa ku Asia umene udaoneka koyamba ku Kenya mu 2003 n'kufalikira m'Africa, zimachepa ngati zipatso zakugwa zitoledwa ndi kukwiriridwa mozama, ndiponso ngati zipatso zapamtengo zivekedwa timatumba ta mapepala. Ku Gaborone ukonde wa mthunzi umateteza zipatso ku dzuwa, matalala ndi mbalame.

Alangizi a m'malire akumbutsidwe kuti kudutsitsa mbande kapena tinthambi kuchokera dziko lina kumafuna chilolezo cha boma ndi chikalata chotsimikiza kuti mbewuyo ilibe matenda. Kanthambi kamodzi kobisa m'chikwama kangabweretse tizilombo tosautsa dera lonse.

Njinga yamoto yopanga pakhomo

Maganizo omangirira injini panjinga si achilendo. Mu 1946, mumzinda wa Hamamatsu ku Japan, Soichiro Honda adayamba ntchito yake pomangirira panjinga zakapalasa tiinjini totsala kunkhondo, timene kale tinkayendetsa majenereta a mawailesi a asilikali. Ku Botswana nako luso lopanga zipangizo zoyenera kumudzi lili ndi mbiri yake: malo a Rural Industries Innovation Centre ku Kanye adatchuka ndi makina okonolera mapira. Choncho mmisiri wakumudzi sayenera kunyozedwa. Chofunika ndi kumuthandiza kuwerengera asanayambe kudula zitsulo.

Funso loyamba ndi ntchito imene njingayo idzagwire: katundu wolemera bwanji, mtunda wotani, ndi msewu wamtundu wanji. Njinga ya mumchenga wa Kalahari imafuna matayala otambalala, opopedwa mosalimba kwambiri, ndi sefa yabwino ya mpweya chifukwa fumbi limadya injini. Njinga ya m'mapiri a Dedza kapena Angonia imafuna mphamvu zokwerera zitunda, matayala a mano ogwira matope, ndi mabuleki odalirika potsetsereka.

Funso lachiwiri ndi la magiya. Injini za makina opopera madzi, zija za mphamvu ya akavalo 5 kapena 6, zimazungulira maulendo 3,600 pamphindi imodzi zikathamanga mokwanira. Gudumu la njinga yamoto la mainchesi 17, pamodzi ndi tayala lake, limayenda mamita pafupifupi 1.8 likazungulira kamodzi. Kuti njinga iyende makilomita 40 pa ola, ndiye kuti mamita 667 pamphindi, gudumu liyenera kuzungulira maulendo pafupifupi 370 pamphindi. Izi zikutanthauza kuti injini izungulire kakhumi pamene gudumu lazungulira kamodzi. Tcheni chimodzi sichingakwanitse kusiyana kotereku popanda giya yam'mbuyo yaikulu mopitirira muyeso. Pamafunika shafuti yapakati ndi matcheni awiri: mwachitsanzo, giya ya mano 12 kukoka ya mano 36, kenaka ya mano 14 kukoka ya mano 45. Kuphatikiza zonse, injini imazungulira maulendo 9.6 pa ulendo umodzi wa gudumu. Njinga ya m'mapiri ipatsidwe giya yam'mbuyo yaikulupo kuti liwiro lichepe koma mphamvu zichuluke. Kachipangizo koletsa injini kuthamanga mopyola malire kasachotsedwe, chifukwa injini zotere sizidapangidwe kuti zipirire liwiro loposa pamenepo.

Funso lachitatu, limene amisiri ambiri amalisiya pomaliza, ndi la kuima. Liwiro likawirikiza kawiri, ntchito ya mabuleki imawirikiza kanayi. Njinga yakapalasa idapangidwira liwiro la miyendo ya munthu. Ikapatsidwa injini ndi katundu, mabuleki ake amphira, masipoko ake owonda ndi foloko yake sizingapirire. Foloko ikathyoka paliwiro, wokwera amagwa chamutu. N'chifukwa chake mmisiri wanzeru amayambira pa felemu, foloko, magudumu ndi mabuleki a njinga yamoto yeniyeni imene injini yake idafa, m'malo mowotcherera mapaipi a madzi. Malo amene foloko ikumana ndi felemu asasinthidwe kapendekedwe kake, pakuti ndi pamene pamachokera kukhazikika kwa njinga panjira. Injini ikhale pansi ndiponso pakati pa magudumu awiri, tcheni chikhale ndi chotchingira, ndipo thanki ya petulo italikirane ndi paipi ya utsi.

Pali nkhaninso ya malamulo. M'mayiko onse a chigawo chino, njinga yamoto yoyenda pamsewu wa anthu onse iyenera kulembetsedwa, woyendetsa akhale ndi chiphaso, ndipo avale chisoti chodzitetezera. Mmisiri akafunse ku ofesi yoona za pamsewu asanaononge ndalama zake, chifukwa njinga imene yakanidwa kulembetsedwa ingagwire ntchito m'munda mokha. Mlangizi wa boma asayende ulendo wa ntchito panjinga yosalembetsa. Phunziro la bungwe la Riders for Health, limene lidayamba ntchito yake ku Lesotho mu 1991, ndi lakuti chimene chimasunga njinga ya wogwira ntchito kumudzi ndi chisamaliro cha tsiku ndi tsiku: kuona oyilo, tcheni, mabuleki, matayala ndi mabawuti ulendo usanayambe.

Kawirikawiri luso la mmisiri limapindula kwambiri akapanga chonyamulira kapena kangolo kokokedwa ndi njinga yogula kale. Katundu akhale pansi, wolingana mbali zonse ziwiri, ndipo asapitirire kumbuyo kwa gudumu, kuopa kuti gudumu lakutsogolo lingapepuke n'kuleka kumvera chiwongolero.

Kunyamula mbande ndi zipatso

Nthawi yabwino yonyamula mbande ndi pamene zagona, m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Panthawiyi zingazulidwe popanda dothi, mizu yake n'kukulungidwa m'chiguduli chonyowa, ndipo njinga imodzi inganyamule zambiri kuposa za m'machubu. Ziyende m'mawa, zitetezedwe ku mphepo, ndipo zibzalidwe tsiku lomwelo kapena lotsatira. Mtundu uliwonse umangidwe padera ndi dzina lake lolembedwa, chifukwa mbande zopanda masamba zimafanana zonse. Zipatso zisaikidwe m'thumba. Ziyalidwe m'bokosi loyalamo udzu wouma kapena mapepala, mizere yochepa, mothinana bwino kuti zisagubuduke.

Udindo wa alangizi

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mlangizi asafulumire kulimbikitsa mudzi wonse kubzala mtundu umene sudayesedwe m'deralo. Ayambe ndi mabanja ochepa, mitundu iwiri kapena itatu pakhomo lililonse, ndipo alembe m'buku dzina la mtundu ndi la tsinde, tsiku lobzala, tsiku loyoyola masamba, tsiku la maluwa oyamba ndi omaliza, masiku a chisanu, ndi kuchuluka kwa zokolola. Kumene kuli kotheka, alembenso kutentha kwa m'mawa ndi kwa masana kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Zolembazi zitumizidwe ku malo a kafukufuku apafupi, monga Bvumbwe ndi Lunyangwa m'Malawi, Msekera ndi Mount Makulu ku Zambia, kapena Sebele ku Botswana. Tsangano wa ku Ntcheu ndi Tsangano wa ku Mozambique ali paphiri limodzi ndipo amalandira mphepo imodzi, kotero zimene mlangizi wa mbali ino walemba m'zaka zitatu zingapulumutse alimi a tsidya linalo kuti asabzale mtengo wosabereka.